Chiswe chinadya mapepala a lizi ya bambo, khothi likufuna umboni: tiyambire pati?

Nangozo wa ku Linthipe: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene anadutsamo mu zoterezi. Malemu bambo athu anali ndi munda waukulu umene anatengera lizi (pepala la boma lobwereketsa malo kwa zaka zoikika) m'zaka za m'ma 1980. Anamwalira mu 2009. Chaka chatha anthu a mudzi woyandikana nafe anayamba kulima mbali ya kudambo, akuti malowo ndi a makolo awo, bambo anangobwereka. Nkhani inapita kwa a gulupu, sinathe, pano ili kukhothi ndipo atiuza kuti tibwere ndi mapepala. Titatsegula sutikesi ya bambo tapeza chiswe chinalowamo kalekale. Chatsala ndi kachidutswa ka mapu ndi malisiti awiri a lendi ya malo. Kodi boma limasunga makope a zinthu ngati zimenezi? Tikafunse kuti, ndipo munthu wamba ngati ine angandipatse?

Bambo a Dalitso: Pepani mayi. Ine ndili ndi munthu wanga ku Lilongwe, makomo onse amawadziwa. Mukangomupatsa ya thiransipoti ndi kangachepe, mawa lomweli akujambulirani fayilo yonse pa foni n'kukutumizirani. Bwerani ku inbox.

Wa ku Joni: Kkkkk a Dalitso ayambapo. Munthu wanuyo sasowa, maliro alipo, ukwati alipo, lero wafika ku Lands.

Bambo a Dalitso: Inu muli kutali achimwene, za kuno simukuzidziwa. Kuno popanda munthu sungatuluke ndi pepala.

Kalaliki Wopuma: Mayi Nangozo, musafulumire kupita ku inbox ya munthu. Ine ndagwira ntchito ya ukalaliki kukhothi mpaka kupuma, ndiye ndiloleni ndilankhule motalikirapo. Choyamba, malisiti awiriwo musawapeputse. Ayang'aneni bwino pa kuwala, pamakhala nambala ya fayilo kapena nambala ya deed, ndiye kuti ya pepala la lizi m'kaundula wa boma, nthawi zina yolembedwa ndi bolopeni pakona. Kachidutswa ka mapu nakonso kangakhale ndi nambala ya a Surveys, aja oyeza malo a boma. Nambala imeneyo ndiyo idzakutsegulireni chitseko, chifukwa ku ofesi safufuza fayilo ndi nkhani yoti "bambo anga anali aatali, ankalima fodya ku Linthipe". Ajambuleni fotokope lero lomwe, enieniwo muwaike mu pulasitiki, musawamate ndi selotepi ndipo musalembepo kanthu.

Chachiwiri, lizi siinkatuluka pepala limodzi lokha. Munthu akafuna lizi pa malo a makolo, pankakhala fomu yosonyeza kuti mafumu afunsidwa ndipo avomera, nyakwawa ndi a T/A n'kusayina, a DC n'kuikapo dzanja lawo. Kenako a Surveys ankayeza malo, kuika mabikoni osonyeza malire, n'kujambula mapu. Ndiye pepala la lizi lenilenilo linkalembetsedwa m'kaundula wa boma. Choncho pali malo atatu oyang'ana: ofesi ya za malo kwa DC pa boma pathu pano pa Dedza, ofesi ya Lands ya chigawo chapakati ku Lilongwe, ndi a Surveys kumene kuli mapu. Chanu chinadyedwa, koma cha boma chiyenera kukhalapo penapake.

Nangozo wa ku Linthipe: Zikomo kwambiri bambo. Ndayang'ana, pa lisiti imodzi pali manambala ena pamwamba koma inki inafufutika pang'ono. Nanga za pa foni zimene akunena a Dalitsozi, sizingathandize kuti zinthu zifulumire? Tsiku la mlandu likuyandikira.

Kalaliki Wopuma: Zingakuthandizeni kudziwa zimene zili mu fayilo, koma kukhothi zingakuvuteni. Loya wa mbali inayo adzangoimirira n'kufunsa kuti chithunzichi anajambula ndani, liti, ndi chilolezo cha yani? Munthu wa a Dalitso uja adzabwera kudzaimirira m'bokosi kunena kuti ndine ndinatsegula kabati ya boma? Sadzabwera. Foni yake idzakhala yozima tsiku limenelo. Chimene mukufuna ndi kopi yotuluka pakhomo lakutsogolo, yokhala ndi chidindo cha ofesi imene ikusunga pepala lenilenilo, siginecha ya bwana wake, ndi tsiku. Chidindo chija chimati certified true copy. Ndipo mukalipira chilichonse mulandire lisiti ya boma, ija timati GR, kapena pepala la kubanki ngati akutumizani kukalipira kumeneko.

Mwana wa Sukulu ya Malamulo: Ndiwonjezereko pang'ono pa zimene anena agogo. Zithunzi ndi mauthenga a pa foni sikuti khothi limazikaniratu ayi. Tili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limene limavomereza umboni wa pa makina. Vuto ndi lomwe anenalo, gwero lake. Komanso pali njira ina imene anthu ambiri kumudzi sanaimvebe. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga, ndipo pali lamulo la Access to Information limene linasayinidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Ofesi ya boma iyenera kukhala ndi munthu wolandira mapempho otere. Mukapempha, ayenera kukuyankhani pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Ngati nkhaniyo ikukhudza moyo wa munthu kapena ufulu wake, monga munthu ali m'chitokosi, ndi maola 48. Amene sadziwa kulemba akhoza kunena pakamwa, wa mu ofesiyo n'kumulembera. Kupempha kwenikweniko sikulipiritsidwa, chimene angakulipiritseni ndi mtengo wojambulira mapepala.

Wa ku Joni: Masiku 15? Ku Malawi kwathu konkuno? Mwanawe maliza kaye sukulu ukaone dziko kkkk.

Mayi a Tamandani: A ku Joni sakunama. Ine pa nkhani ya penshoni ya malemu amuna anga ndinatopa ndi ofesi ina, sinditchula dzina. Lero akuti wa makiyi wapita ku maliro, mawa akuti netiweki palibe, mkuja akuti bwana ali ku msonkhano kunyanja. Munthu wachoka ku Mayani m'bandakucha, wakwera kabaza, wakwera minibasi, n'kukhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka osadya kanthu, kenako mesenjala n'kudzakuuza kuti mubwere Lachinayi.

Mwana wa Sukulu ya Malamulo: Pepani amayi, zimenezo zimachitikadi, sindikutsutsa. Koma ndifunse, munasiyako kalata?

Mayi a Tamandani: Ayi mwanangu, ndinkangofotokoza pakamwa pawindo.

Kalaliki Wopuma: Apo ndi pamene pagona nkhani. Mawu a pawindo amathera pawindo pomwepo. Mayi Nangozo, mulembe kalata yaifupi, Chichewa chomwechi chilibe vuto. Munene dzina lanu, ubale wanu ndi mwini lizi, nambala ija, mudzi ndi T/A, ndi mapepala amene mukufuna mmodzimmodzi: kopi ya lizi, kopi ya mapu, kopi ya fomu ya mafumu, ndi mndandanda wa malipiro a lendi. Musalembe kuti "ndikufuna zonse zokhudza bambo anga", zimenezo zimamupatsa munthu mpata wokuuzani kuti sakumvetsa chimene mukufuna. Kalatayo ikhale pawiri. Ina musiye ku registry, kumene amalandirira makalata, ina akudindireni chidindo cha tsiku mubwerere nayo. Kapepala kodindidwako kali ndi ntchito ziwiri. Mu ofesi amadziwa kuti pali chizindikiro choti munafika. Ndipo tsiku la mlandu likakwana mapepala asanatuluke, mumakaonetsa kwa a majisitireti kapena a jaji kuti onani ndinapempha tsiku lakuti, ndikupempha nthawi. Khothi limamvera munthu amene waonetsa kuti sanangokhala.

Mwana wa Sukulu ya Malamulo: Ndipo akakana kapena akangokhala chete, mumadandaula kaye kwa mkulu wa ofesiyo kuti aunikenso. Zikakanika, bungwe la Malawi Human Rights Commission ndi limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamulo limeneli. Palinso ofesi ya Ombudsman imene imamva madandaulo a kuchedwetsa ndi kusalabadira anthu m'maofesi a boma, ndipo salipiritsa.

Bambo a Dalitso: Zonsezo mpaka zidzatheke, anthu aja akolola chimanga kawiri pamundapo.

Kalaliki Wopuma: Mwina. Koma pali ndodo ina yaifupi imene ili m'manja mwa khothi lenilenilo. Popeza mlandu unalowa kale, mayiwa kapena loya wawo akhoza kupempha khothi kuti litulutse chisamani choitana mkulu wosunga fayiloyo kuti abwere nayo yekha kudzaionetsa. Ine ndalembapo zisamani zotere zambiri. Fayilo imene inkasowa miyezi imapezeka msanga chisamani chikafika pa desiki, chifukwa kunyozera chisamani ndi mlandu paokha. Ubwino wake winanso, bwanayo akabwera amafotokoza yekha tanthauzo la zolembedwazo, mbali zonse ziwiri n'kumufunsa mafunso. Kungoti konzekerani, pa milandu ya pakati pa anthu woitanitsa mboni ndi amene kawirikawiri amaionera thiransipoti.

Achimwene a Mbatata: Mbatata ya kachewere yabwino ilipo pa Bembeke turn off, thumba lodzadza bwino, tikhozanso kukutumizirani ku Lilongwe. Ofuna andipeze.

Admin: Achimwene, malonda ndi Loweruka pagulu pano, mukudziwa. Tili pa nkhani ya munda.

Wa ku Joni: Asiyeni, mwina a Nangozo atengeko thumba limodzi la munthu wa a Dalitso uja kkkk.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Ndalowa mochedwa, ndinali ndi ana a Fomu 4. Ndawerenga zonse. Palibe amene watchula za ku Zomba. Mafayilo akale a boma sakhala mu ofesi mpaka kalekale. Akakalamba amatumizidwa ku National Archives, likulu lake lili ku Zomba, ndipo ali ndi malo osungirako mafayilo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Ndiye akakuuzani kuti "fayilo kuno kulibe", funso lotsatira likhale lakuti, kodi inatumizidwa ku Archives, liti, ndipo pa mndandanda uti? Ofesi ikamatumiza mafayilo imatsala ndi mndandanda wa zimene yatumiza. Popanda zimenezo mukafika ku Zomba mudzangoyang'anizana ndi mashelefu.

Ine ndinapitako pa nkhani ya ufumu wa kwathu, pamene mabanja awiri ankalimbirana mpando. Munthu umalemba m'buku, kuonetsa chiphaso cha unzika, kufotokoza chimene ukufufuza, iwo n'kukupatsa mabuku a mindandanda kuti usankhe nambala. Amakubweretsera fayilo yomangidwa ndi kachingwe, mapepala ofiirira, ena opyapyala a kaboni oti ukatembenuza mwamphamvu akhoza kung'ambika. Muli mabuku amene ma DC achizungu ankalembamo za maboma awo, mayina a mafumu, amene analowa m'malo mwa mnzake, malire a midzi, za msonkho. Ndinapezamo dzina la agogo a agogo anga litalembedwa mokhotakhota ndi munthu amene Chichewa sankachimva bwino, koma mudzi ndi mtsinje zinali zomwezo.

Nangozo wa ku Linthipe: Aphunzitsi, ndiye kuti ndiyambire ku Zomba?

Aphunzitsi a ku Bembeke: Ayi mayi, Zomba ikhale yomalizira. Ulendo wake ndi wautali, kudutsa Ntcheu, kukhota pa Chingeni, Balaka, Liwonde, ndiye ndalama yake si yamasewera. Lizi ya m'ma 1980 ndi ya dzulodzuloli poyerekeza ndi zimene ndinkafuna ine, mwachidziwikire ikadali m'manja mwa a Lands. Komanso mafayilo amene angosungitsidwa amakhalabe a unduna umene unawatumiza, ndiye a Archives akhoza kukuuzani kuti mukatenge kaye chilolezo kwa eni ake. Yambani pa boma pathu pano, kenako Lilongwe, ndi makilomita osapitirira 90 pa M1, mukhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Kwa amene akufuna za kale kwambiri, dziwani kuti mu 1919 nyumba ya maofesi a boma ku Zomba inapsa ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira za utsamunda anathera pamoto. Ndiye wina akakulonjezani kuti akupezerani kalata ya boma ya 1905 yonena za munda wa agogo anu, mufunsitsitse kumene waitenga.

Gogo Jere: Ine ndili ndi funso lina koma la mtundu womwewu. Kalekale kunali makhothi a makolo aja, asanathe nthawi ya matipate. Mlandu wa malire a dimba lathu unaweruzidwa kumeneko bambo anga ali moyo ndipo tinawina. Lero adzukulu a anthu omwe aja ayambanso. Chigamulo chimene chija chingapezeke?

Kalaliki Wopuma: Bambo Jere, makhothi amenewo anasiya kugwira ntchito cha m'ma 1994, ndipo nyumba zake zambiri zinasanduka makhothi a majisitireti. Kafunseni ku khothi limene lili pamalo pomwe mlanduwo unazengedwera ngati mabuku akale alipo kapena anatumizidwa kwina. Mudzafunika chaka, mayina a odandaula ndi oyankha monga analembedwera nthawi imeneyo, ndipo ngati pali kapepala kalikonse kokhala ndi nambala ya mlandu ndiye mwapeza golide. Musaiwalenso kalaliki wa a T/A. Mabwalo a mafumu ena amasunga makope a hadikava momwe amalembamo milandu ya malo, ndipo mfumu kapena nduna imene inalipo ikhoza kukapereka umboni. Chigamulo cha masiku ano n'chosavuta, mumapempha ku registry ya khothi lomwelo, kulipira ya mapepala, n'kukudindirani.

Mwana wa Sukulu ya Malamulo: Zigamulo zambiri za High Court ndi Supreme Court, pamodzi ndi malamulo enieniwo, zili pa intaneti pa MalawiLII, zaulere. Koma za makhothi ang'onoang'ono ngati chimene akunena agogochi simungazipeze kumeneko.

Mayi a Chikondi ku Mtakataka: Pepani ndilowetseko yanga, mwina ithandizanso ena. Pali mwana wa mchemwali wanga, nkhani yake ili kupolisi, sindingafotokoze zambiri pagulu. Chimene chikuvuta ndi zaka zake. Mbali inayo ikuti ndi wamkulu, ife tikudziwa kuti sanakwane 18. Setifiketi ya kubadwa alibe, buku la kusikelo linatayika nthawi ya madzi osefukira.

Mayi a Tamandani: Mayi, anabatizidwa ali wakhanda? Ngati ndi a Katolika pitani ku parishi, kaya ndi ku Mua kaya kwina kumene anabatizidwira. Mabuku a ubatizo amasungidwa bwino kwambiri, muli tsiku lobadwa, mayina a makolo ndi a ankhoswe a ubatizo. Ku Mua mishoni inayamba 1902, anthu aja kulemba anazolowera. A CCAP nawonso ali ndi mabuku awo kwa abusa kapena alembi a mpingo.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Ndi kusukulu. Buku lolembera ana olowa Sitandade 1 limakhala ndi tsiku lobadwa, ndipo ahedi akhoza kulemba kalata n'kudinda. Kungoti ndinene chilungamo monga mphunzitsi, makolo ena amachepetsa kapena kuwonjezera zaka polembetsa mwana, ndiye buku la sukulu palokha loya wochenjera akhoza kuligwedeza. Likagwirizana ndi la ubatizo ndi la kuchipatala, pamenepo palibe wotsutsa.

Kalaliki Wopuma: Ngati anabadwira kuchipatala, buku la ku matenite limakhala ndi dzina la mayi ndi tsiku limene anachira. Koma za kuchipatala sapatsa munthu aliyense wongobwera, ndipo n'zoyenera kutero, chifukwa ndi zinsinsi za anthu. Apite mayi ake a mwanayo eni ake ndi chiphaso chawo, kapena wapolisi amene akufufuza nkhaniyo akapemphe mwa ntchito yake. Pa mlandu wa kupolisi kusonkhanitsa umboni ndi udindo wa wofufuza ndi woimira boma, inu muwauze kumene kuli mabukuwo ndipo muzikumbutsa. Kenako mukayambe za setifiketi ya kubadwa ku ofesi ya NRB, aja opereka ziphaso za unzika, kwa DC, amalembetsa ngakhale mwana atakula kale.

Mayi a Chikondi ku Mtakataka: Ambuye akudalitseni nonse. Za ku parishi sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

Malume a ku Lobi: Ine ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko mbali imene simukuikhudza. Mayi Nangozo musandimve molakwika, bambo anu sindinawadziwe. Koma ife amene tinalipo m'zaka zimenezo tikudziwa mmene ma esiteti ena anabwerera. Nthawi imeneyo mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale, ankaloledwa ndi a ma esiteti okha, mpaka cha m'ma 1990 pamene anamasula. Ndiye aliyense wofuna bale ankathamangira lizi. Ena anatengera lizi minda yawoyawo, zoona. Koma ena anayezetsa ndi minda ya mbumba yonse, dambo la mudzi, msipu wa ng'ombe, mfumu n'kudinda chala osadziwa kuti mahekitala amene alembedwawo akufika pati. Kuno kwathu munda umayenda ndi mbumba, kuchokera kwa mayi kupita kwa ana aakazi, mwamuna wa chikamwini sakhala mwini nthaka. Ndiye anthu akamati malowo ndi a makolo awo, si onse amene akunama. Pepala si Mulungu.

Wa ku Joni: Apa malume mwayankhula. Kwathu ku Thete ziliko zotere.

Nangozo wa ku Linthipe: Malume, ndakumvani ndipo sindinakhumudwe. Mundawo unali wa kwa amayi a bambo anga, ndipo alongo awo a bambo anavomera nthawi imeneyo, mmodzi akadali moyo. Za dambolo ndi zimene sindikudziwa bwinobwino, ine ndinali mwana. N'chifukwa chake ndikufuna mapu enieniwo. Akaonetsa kuti dambo lili kunja kwa mabikoni, tiwasiyira, sitilimbana ndi anthu pa chinthu chimene si chathu.

Kalaliki Wopuma: Mwayankha bwino mayi. Ndipo malume akumbutsa chinthu chimene ndimafuna ndikuchenjezeni. Fayilo ikatuluka imatuluka yonse, zokoma ndi zowawa. Malizi ambiri a minda ankaperekedwa a zaka 21. Ngati ya bambo anu inali yotero ndipo inayamba m'ma 1980, werengani nokha kuti inatha liti. Kodi anaiwonjezera? Kodi lendi inkalipidwa mpaka liti? Mwina mupeza ngongole ya zaka zambiri. Zimenezi muzidziwe inu poyamba, musakazimvere koyamba m'khothi kuchokera pakamwa pa loya wa anzanuwo. Mukapeza mapepalawo, musanawapereke, pitani nawo kwa loya awawerenge. Ngati ndalama palibe, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu otere, kafunseni pa khothi akulozerani kumene mungawapeze.

Mwana wa Sukulu ya Malamulo: Komanso funso limene adzakufunseni paliponse ndi lakuti inu ndinu ndani pa katundu ameneyu. Kukhala mwana wa malemu pakokha nthawi zina sikukwanira. Pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, woyendetsa katundu wa malemu amakhala amene watchulidwa mu wilo kapena amene wapatsidwa makalata ndi khothi, aja amati letters of administration. Bambo anasiya wilo? Alipo pabanja panu amene anatenga makalata amenewa?

Nangozo wa ku Linthipe: Wilo sanasiye. Makalatawo sindinamvepo, tinangogawana ziwiya ndi mbuzi pamaso pa akuluakulu, munda tinkalima tonse. Ngakhale setifiketi ya imfa tilibe, anamwalirira pakhomo.

Kalaliki Wopuma: Ndiye muyambire pamenepo, zinthu ziwirizi ziziyendera limodzi. Kalata ya a nyakwawa yotsimikiza za imfa, mupite nayo ku NRB kwa DC mukalembetse imfayo. Pa boma pomwepo mufunse ofesi yoona za chuma cha masiye, akuuzani ngati nkhani yanu ithere pompo kapena ipite kwa Administrator General, mkulu wa boma woyang'anira chuma cha masiye, kapena ku High Court. Ndipo mukhale pansi ndi abale anu onse mugwirizane amene aziimira banja, kuopa kuti mawa mchimwene wanu adzadzuke n'kunena kuti mlongo wanga akufuna kudya munda yekha.

Bambo a Dalitso: Mwaona? Mwayamba ndi pepala limodzi, pano afika asanu. Ine ndinanena.

Mayi a Tamandani: A Dalitso, safunsa anadya phula. Asiyeni mayiwa afunse.

Aphunzitsi a ku Bembeke: Ndibwerereko pa za malaibulale, chifukwa wina wandifunsa kumbali za chidziwitso chimene chinatuluka mu nyuzipepala zaka zapitazo. Nyuzipepala zakale, monga Daily Times, Malawi News, The Nation imene inayamba 1993, ngakhale Boma Lathu, mukhoza kuzifunsa ku National Library Service ku City Centre ku Lilongwe, ku Archives ku Zomba kumene lamulo limati chosindikizidwa chilichonse m'dziko muno chizisiyidwako kopi, kapena ku laibulale ya yunivesite ku Zomba komweko. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, ya mabuku ndi zithunzi zakale. Mupite mukudziwa chaka ndi mwezi, chifukwa nyuzipepala zimamangidwa m'mavoliyumu akuluakulu ndipo mumatembenuza nokha tsamba ndi tsamba. Mukapeza, jambulani tsamba lonse kuti dzina la nyuzipepala ndi tsiku zioneke pamwamba, osati kachigawo kokha, ndipo mupemphe woyang'anira laibulale adinde kuti yachokera kwa iwo.

Mwana wa Sukulu ya Malamulo: Kungowonjezera aphunzitsi, nyuzipepala imathandiza kusonyeza kuti chidziwitso chinalengezedwa tsiku lakuti. Koma nkhani yolemba mtolankhani yoti uje anaba malo si umboni woti anabadi, khothi lidzafuna munthu amene anaona. Gazette ya boma ndiye ina, imene ija imasindikizidwa ndi Government Printer. Zolengezedwa mmenemo khothi limazilandira ngati mawu a boma.

Gogo Jere: Nanga kopi ya pepala limene ndili nalo kale kunyumba, amadinda ndani?

Kalaliki Wopuma: Limenelo mupite nalo lenilenilo pamodzi ndi fotokope yake kwa Commissioner for Oaths, kaya loya kaya a majisitireti. Amayerekeza ziwirizo n'kudinda. Koma sangadinde fotokope ya fotokope, kapena chithunzi cha pa foni chimene chenicheni chake sanachione. Amene angakudindireni osaona chenicheni akukuikani m'mavuto. Ndipo tsiku la mlandu chenichenicho mupite nacho m'chikwama.

Admin: Nkhani iyi ndaiika pa pini kuti ena adzaipeze. Mayi Nangozo mudzatiuze mmene mwayendera.

Nangozo wa ku Linthipe: Mwadzuka bwanji abale. Ndabwera kudzapereka lipoti monga analamulira a Admin. Kalata ija ndinalemba, mwana wanga wa Fomu 3 anandikopera bwino pawiri. Pa boma anandilandira, anadinda yanga, ndipo nambala ya pa lisiti ija inagwira ntchito, anaipeza m'buku lawo lalikulu ngakhale manambala awiri anali ofufutika. Fomu ya mafumu ilipo, ndaiona ndi maso anga, chala cha a nyakwawa akale chili pomwepo. Lizi yeniyeniyo ndi mapu akuti ndikazipeze ku Lilongwe, andilembera kakalata kopita nako. Za imfa ya bambo tayamba, a nyakwawa alemba kale kalata yawo. Koma pabuka china. Pa fomuyo dzina la bambo linalembedwa ndi dzina la agogo awo kumapeto, pomwe pa chiphaso changa ndi pa kalata ya a nyakwawa pali la mfunda. Munthu ndi mmodzi yemweyo koma mapepala akuoneka ngati anthu awiri.

Wa ku Joni: Zimenezo ndiye zathu a Malawi. Ine ndili ndi mayina atatu, la kusukulu, la kutchalitchi ndi la pa pasipoti.

Kalaliki Wopuma: Si zachilendo mayi, musataye mtima. Pamafunika kalata yolumbira, afidaviti, yonena kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Wolumbira akhale munthu wamkulu amene anawadziwa bambo anu kuyambira kale. Azakhali anu amene munati akadali moyo aja ndiye oyenera, komanso ndi mboni yanu yaikulu pa za kuvomera kwa mbumba. Ali ndi mphamvu zoyenda?

Nangozo wa ku Linthipe: Miyendo ikuwavuta koma mutu uli bwinobwino, amakumbukira ndi mayina a anthu amene anabwera kudzayeza.

Kalaliki Wopuma: Ndiye musachedwe nawo. Muwapezere galimoto muwatengere pa boma akalumbire sabata ino, ndipo mumuuze loya kuti pali mboni yokalamba, aone ngati umboni wawo ungatengedwe msanga. Kopi ya fomu ya mafumu ija anakupatsani yodinda, kapena mwangoiona?

Nangozo wa ku Linthipe: Ndangoiona. Akuti bwana wosayina abwera Lolemba.

Kalaliki Wopuma: Lolemba mukafike m'mawa ndi kalata yanu yodindidwa ija m'manja. Ku Lilongwe mukapemphenso official search, ndi pepala losonyeza amene kaundula akumudziwa ngati mwini lizi lero, ndi ngati pali ngongole ya kubanki imene inamangiriridwa pa malowo.

Achimwene a Mbatata: Mayi, ine Lachitatu ndikupita ndi katundu ku Lilongwe, ndimadutsa pa Linthipe cha m'ma 5 koloko m'mawa. Kutsogolo kuli malo a munthu mmodzi, simulipira. Admin musandidzudzule, awa si malonda.

Nangozo wa ku Linthipe: Zikomo achimwene, mundipeza pa siteji. Bambo Kalaliki, ku Surveys ndikafunse mapu okha, kapena ndingapemphenso kuti abwere adzatisonyeze mabikoni? Awiri a kudambo aja sakuonekanso.

Kalaliki Wopuma: Mapu poyamba. Za mabikoni mufunse mtengo wake muli konko, koma asabwere kudzayeza mbali inayo isakudziwa. Zikhale zodziwitsa khothi, a gulupu ndi anthu aja, onse adzaimirire pomwepo tsiku loyeza.